Mlakatuli wa ku Orihuela ndi Chifuwa cha M'nyumba Zotseka

Pa 28 Marichi 1942, m'ndende ya ku Alicante m'dziko la Spain, anatsikira kulichete Miguel Hernández ali ndi zaka 31, munthu amene atate ake anamsiyitsa sukulu kuti aziweta mbuzi ku Orihuela, koma iye, powerenga mabuku obwereka kubusa komweko, anasula luso la ndakatulo kufikira akuluakulu a chinenero cha Chisipanishi anamlandira ngati mnzawo. Buku lake loyamba, Perito en lunas, linatuluka mu 1933, ndipo El rayo que no cesa linatsatira mu 1936, chaka chimene nkhondo yapachiweniweni inabuka. Ndipo popeza anaima ndi mbali imene inagonja kwa Francisco Franco, anamangidwa mu 1939, naweruzidwa kuti aphedwe, chilangocho n'kusandulika zaka 30 za ukaidi. Anamsuntha kuchoka ku Palencia kupita ku Ocaña, napita naye ku Alicante, kumene njala, kuzizira ndi kuthithikana zinatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Ndakatulo yake ina yokondedwa koposa anailemba ali m'chitokosi, atalandira kalata ya mkazi wake Josefina Manresa, amene ankayamwitsa mwana akudya buledi ndi anyezi basi.

Nkhani ya kutali chotere ndaibweretsa kuno ku Liwaladzi chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kachilombo kamene kanadya mapapo a mlakatuliyo, kamene Robert Koch anakaonetsa ku dziko pa 24 Marichi 1882, sikasankha ndende yokha. Wodwala akakhosomola, timadontho tosaoneka ndi maso timayandama mumpweya kwa maola angapo ngati chipinda chili chotseka, pamene dzuwa ndi mphepo zimationonga msanga. Choncho msasa wa kudoko, momwe alovi amagona mothithikana pobwera kokoka chilimira, chitseko chili chotseka chifukwa cha mwera, ndi malo amene nthendayi imawakonda kwambiri. Anthu ambiri amakhala nako kachilomboka kali m'tulo, osadwala konse, mpaka tsiku limene njala, matenda a shuga kapena HIV zafooketsa chitetezo cha thupi.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti munthu akayamba kukhosomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku mpaka mphasa kunyowa, kumva kutentha thupi ndi kuwonda kufikira nthiti kuwerengeka, achibale amayamba ndi kunong'onezana za mdulo ndi tsempho, nafufuza amene anathira mchere m'ndiwo asanayere, masiku n'kumapita, ana ogona naye chipinda chimodzi akupuma mpweya womwewo. Sindinyoza mwambo wa makolo. Ndingopempha kuti makhololo apite kuchipatala tsiku lomwelo limene akulu akhala pansi kukambirana. Wodwala amalavulira m'kabotolo, ndipo makina a GeneXpert amatha kupereka yankho m'maola awiri, kuuzanso adokotala ngati kachilomboko kakupimana mphamvu ndi mankhwala a rifampicin.

Hernández anamwalira kutatsala chaka chimodzi kuti streptomycin, mankhwala oyamba ogonjetsa nthendayi, atulukiridwe ku America mu 1943. Ife lero tili ndi katemera wa BCG wa ana akhanda, tilinso ndi mankhwala aulere m'zipatala zathu, kuchokera pano mpaka ku chipatala chachikulu cha pa boma la Nkhotakota: mitundu 4 kwa miyezi 2 yoyamba, kenaka mitundu 2 kwa miyezi 4 yotsatira. Pangozi ndi pamwezi wachiwiri kapena wachitatu, pamene chifuwa chaleka, chilakolako cha nsima chabwerera, usipa wagwa pa nyanja, ndipo bambo aona ngati achira nabwerera m'bwato mapiritsi atawasiya pazenera; pakuti tizilombo totsalato timabweranso titaphunzira kukana mankhwala, ndipo chithandizo chake chimakhala chachitali ndi cholemetsa thupi. N'chifukwa chake azaumoyo amapempha kuti wodwala aliyense akhale ndi womuyang'anira pakhomo, woona ndi maso ake kuti mapiritsi amezedwa m'mawa uliwonse, ndi kuti onse a m'nyumbamo, makamaka ana osafika zaka 5, akapimidwe nawonso.