Nkhani Imodzi, Owerenga Atatu

Munthu asanagwire colembera, ayenera kudziwa amene adzawerenga mau ace, cimene afuna kuti wowerengayo acite, ndiponso nthawi imene mauwo adzamfika.

M'mwezi wa October caka ca 2017 nthenda ya kolera inabuka m'Lusaka. Pofika January 2018 inali itakula kotero kuti Boma linaletsa malonda a m'miseu ya pakati pa mzinda, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Pa nthawi yotere munthu mmodzi wa ku Kabwata angalembe za nthendayo katatu, koma mosiyana.

Cikwangwani cokhoma pa msika ciwerengedwa ndi mai wosenza dengu, mwana ali kumsana. Iye saima. Tsono mau akhale ocepa, a zilembo zazikuru, ndi a m'Cinyanja: "Wiritsani madzi akumwa. Sambani m'manja ndi sopo." Dzina la kacirombo koyambitsa nthendayo liribe nchito pamenepo.

Kalata yopempha kuti mulu wa zinyalala ucotsedwe ipita kwa a Town Clerk ku Civic Centre, pa mseu wa Independence Avenue. Imeneyi ilembedwa m'Cingerezi, pakuti ndico cinenero ca m'maofesi a Boma la Zambia. Mkuruyo alandiranso makalata ocokera ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndipo sangadziwe mulu uli wonse. Cifukwa cace wolemba achule dzina la mseu, nambala ya nyumba yoyandikana ndi muluwo, ndi tsiku limene zinyalalazo zinayamba kuunjikana. Mau aukali, ngakhale mtima uwawe cotani, sauza woyendetsa galimoto kumene apite.

Yofuna nzeru koposa ndiyo kalata ya kwa agogo ku Katete. Iwo amva kale pa wailesi kuti anthu alikufa m'Lusaka, ndipo tulo sakuona. Mdzukulu ayambe ndi moni waulemu, nafulumire kunena kuti onse pa nyumba ali bwino. Za nthenda zidze pambuyo. Akumbukirenso kuti maso a agogo afooka, ndipo kalatayo mwina idzawerengedwa mokweza pakhonde ndi mwana wa sukulu, anansi alikumva. Za ngongole za amalume zisalowemo. Ngati wina anadwala, tsiku lilembedwe poyera, pakuti kalata icedwa m'njira, ndipo agogo angalire maliro a munthu amene anacira sabata latha.