Mtima umabwerera msanga, mitsempha imachedwa

Ikamakwana 5 koloko m'mawa, kunja kusanayere bwino, m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mumakhala muli kale anthu. Si a kabaza ndi amayi okaoda tomato okha ayi. Mulinso abambo ndi amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50, nsapato zamasewera kuphazi, ali wefuwefu kuthamanga. Mukacheza nawo, ambiri nkhani yawo ndi imodzi: kusukulu ankathamanga, kenako kudabwera ntchito, banja ndi ana, zaka 20 n'kutha osatulukako thukuta la masewera. Lero abwereranso, ndipo ena adziikira nthawi yoti aigonjetse: makilomita 10 ola lisanakwane, kapena theka la marathon, lomwe ndi makilomita 21.1, maola awiri asanathe.

Ine ndine mmodzi wa iwo. Ndidasiya kuthamanga nditalemba mayeso a fomu 4, ndipo ndidayambiranso ndili ndi zaka 41, kuchipatala atandiuza kuti BP yayamba kukwera. Sabata zinayi zoyamba zidandikomera kwambiri. Phuma lidachepa, ndipo chitunda chomwe poyamba chinkandiimitsa ndidayamba kuchikwera osapumira. Ndiye ndidawonjezera mtunda, ndi liwiro lomwe. Sabata yachisanu, podzuka m'mawa, phazi lidakana kuponda pansi. Ululu udali kumbuyo kwa mwendo, pamwamba pang'ono pa chidendene, pamtsempha wokhuthala uja umalumikiza katumba ndi fupa la chidendene, womwe madokotala amautchula kuti Achilles. Ndidakhala mwezi ndi theka osathamanga.

Zidandichitikirazi zili ndi chifukwa chake, ndipo aliyense wobwerera kumsewu ayenera kuchidziwa. Ziwalo za thupi sizikhwima pa liwiro limodzi. Mtima ndi magazi zimayankha mwachangu: m'masabata ochepa madzi a m'magazi amachuluka, mtima umapopa magazi ambiri pakugunda kumodzi, ndipo minofu imayamba kugwiritsa ntchito bwino mpweya womwe ikulandira. Minofuyo imakhalanso ngati ikukumbukira zakale. Mu 2010 gulu la Kristian Gundersen la ku yunivesite ya Oslo, pofufuza pa mbewa, lidapeza kuti mnofu womwe udakulapo chifukwa cha ntchito umasunga zina mwa zomwe udapeza ngakhale utafota, ndipo ichi mwina ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe munthu amene adachitapo masewera amabwerera msanga kuposa woyamba kumene.

Koma mitsempha yolimba yomwe imamangirira mnofu ku fupa ndi nkhani ina. Imalandira magazi ochepa, choncho imakhwima pang'onopang'ono, m'miyezi osati m'masabata. Fupa nalo lili ndi njira yake yodabwitsa. Likayamba kulandira katundu wachilendo, thupi limayamba lagumula mbali zakale za fupalo kenako n'kumanga zatsopano zolimba, moti pamakhala kanthawi pakati pomwe fupa limakhala lofookerapo kuposa poyamba. Ndi nthawi yomweyo pomwe mtima ukukuuzani kuti mwachira, thamangani. Wothamanga amamva mtima, sangamve fupa la msongolo mpaka litayamba kuwawa. Apa ndiye pagona ngozi ya munthu wamkulu yemwe adali katswiri kusukulu: mutu ukukumbukira liwiro la zaka 18, mapapo avomera, koma chidendene ndi cha zaka 41.

Zaka nazo zimatenga gawo lake, palibe chobisa. Kuchuluka kwa mpweya womwe thupi lingagwiritse ntchito pa mphindi imodzi likamagwira ntchito mwamphamvu, komwe akatswiri amati VO2 max, kumatsika ndi pafupifupi 10 peresenti pa zaka khumi zilizonse munthu akapitirira zaka 30 ngati sachita masewera. Liwiro lalikulu lomwe mtima ungagunde nalonso limatsika chaka ndi chaka. Masamu odziwika ndi ochotsera zaka zanu pa 220, kotero wa zaka 20 amapeza 200 pomwe wa zaka 45 amapeza 175, ngakhale anthu amasiyana kwambiri ndipo masamuwa ndi ongoyerekeza. Chosangalatsa n'chakuti masewera amachedwetsa kutsikaku, ndipo munthu yemwe wakhala zaka zambiri osachita kanthu ali ndi malo aakulu okwerera. Akhoza kumathamanga bwino chaka chilichonse kwa zaka zingapo, uku akukula.

Nanga nthawi yoti muilondole muipeze kuti? Osaitenga m'chikumbumtima cha kusukulu, kapena kwa mnzanu wa kuofesi. Itengeni m'miyendo yanu ya lero. Mukatha miyezi iwiri kapena itatu mukuthamanga popanda ululu, pezani malo oyezeka bwino. Bwalo lothamangirapo ngati la pa Bingu National Stadium ndi mamita 400 kuzungulira kamodzi, choncho maulendo 12 ndi theka ndi makilomita 5. Foni yokhala ndi GPS imathandizanso. Thamangani makilomita asanuwo ndi mphamvu zanu zonse, mulembe nthawi. Mu 1977 injiniya wa ku America, Peter Riegel, adatulutsa masamu olosera nthawi ya mtunda wautali kuchokera pa waufupi, ndipo othamanga akuwagwiritsabe ntchito. Mwachidule, mtunda ukawirikiza kawiri, nthawi imawirikiza kawiri n'kupitirirako pang'ono, pafupifupi ka 2.08. Wothamanga makilomita 5 pa mphindi 30 ayembekezere mphindi 62 ndi theka pa makilomita 10, ndi pafupifupi maola awiri ndi mphindi 18 pa theka la marathon. Ndiye ngati munthu wotere akulota maola awiri, adziwe kuti akufunika kuthamanga kilomita iliyonse pa mphindi 5 ndi masekondi 41, makilomita 21 onse. Zimenezo si za mwezi wamawa. N'zotheka, koma ndi ntchito ya chaka kapena kuposerapo.

Chomwe chimavuta kukhulupirira n'chakuti njira yopezera liwiro ndi kuthamanga pang'onopang'ono. Wasayansi Stephen Seiler, yemwe amagwira ntchito ku Norway, adafufuza mmene akatswiri a masewera a mtunda wautali amakonzekerera, ndipo adapeza kuti pafupifupi magawo 8 mwa 10 a zokonzekera zawo amachita mofatsa, magawo awiri okha ndiwo a mphamvu. Kufatsako muyeso wake ndi wapafupi: muzitha kucheza ndi mnzanu mukuthamanga, kumaliza chiganizo osadukiza. Ambiri a ife timachita zosemphana. Tsiku lililonse timalisandutsa mpikisano, makamaka tikakhala pagulu pomwe palibe wofuna kutsalira. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, ndipo pano mawuwo ndi oona m'njira yake yeniyeni.

Woyambiranso asachite manyazi kusakaniza kuyenda ndi kuthamanga. Ndondomeko ya Couch to 5K, yomwe Josh Clark adayambitsa mu 1996 ndipo achipatala a boma ku Britain amailimbikitsa, imayamba ndi mphindi imodzi yothamanga n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, katatu pa sabata, ndipo imatenga masabata 9 kuti munthu afike pothamanga mphindi 30 osaima. Masiku opuma pakatiwo si ulesi, ndiwo nthawi yomwe mtsempha ndi fupa zikumangidwa. Kawiri pa sabata muzilimbitsanso miyendo. Chomwe chidandichiritsa ine ndi kuima ndi zala pamphepete mwa sitepe ya pakhonde, kukwera m'mwamba, kenako kutsitsa chidendene pang'onopang'ono. Sichifuna jimu kapena ndalama.

Achibale adzakuuzani kuti mukuwononga mawondo. Amanena mwachikondi, koma umboni suli mbali yawo. Kafukufuku wa mu 2017 yemwe adaphatikiza zotsatira za anthu oposa 100,000 adapeza nyamakazi ya m'mawondo ndi m'chiuno mwa anthu 3.5 pa 100 aliwonse othamanga mongolimbitsa thupi, poyerekeza ndi anthu 10 pa 100 mwa osachita masewera.

Choyenera kuopa ndi mtima womwe sudayezedwe. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Jim Fixx, yemwe buku lake la mu 1977 lidakopa anthu ochuluka ku America kuyamba kuthamanga, adagwa n'kumwalira ndi matenda a mtima mu 1984 akuthamanga, ali ndi zaka 52. Bambo ake adamwalira ndi matenda omwewo ali ndi zaka 43, ndipo iye mwini adasutapo fodya zaka zambiri. Kuthamanga kumateteza mtima, koma sikufufuta mbiri ya kumtundu. Musanayambe, kayezetseni BP ndi shuga. Mukamva kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosokonekera muli pamsewu, imani ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali zinanso zathuzathu zomwe mabuku akunja satchula kwenikweni. Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine chachikulu, osathamanga mpaka mutachira bwinobwino. Maganizo oti matenda atuluka ndi thukuta ndi oopsa pa mtima. Ngati mwapatsidwa ciprofloxacin, mankhwala omwe amaperekedwa kawirikawiri, dziwani kuti gulu la mankhwala amenewa limatha kufooketsa mitsempha mpaka Achilles kuduka, choncho funsani dokotala musanabwerere kumsewu. Nsapato za pakaunjika zimatithandiza ambiri, koma mphira wa pansi pa nsapato yothamangira umatopa ikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndipo mwini wake woyamba mwina adaimaliza kale. Ipindeni, idinikizeni ndi chala. Ikakhala yophwatalala ndi makwinya m'mbali, isiyeni ngakhale pamwamba pakuwala. Ndipo nthawi yomwe mungathamange mu Juni kukuzizira musaiyembekezere mu Okutobala, chifukwa kukatentha magazi ambiri amapita pakhungu kukaziziritsa thupi, minofu n'kulandira ochepa.

Ena amafunsa kuti munthu wamkulu wa ana ake avutikiranji ndi masekondi, pomwe a World Health Organization amangoti mphindi 150 za masewera ofatsa pa sabata, kapena 75 za amphamvu, n'zokwanira kuteteza thanzi. Yankho langa ndi lakuti nambala ndiyo imadzutsa munthu pabedi m'mawa wa chisanu, pomwe uphungu wa dokotala waiwalika kale. Ku South Africa, mpikisano wa Comrades wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, womwe udayamba mu 1921 ndipo ndi wa makilomita pafupifupi 90, umatsekedwa maola 12 akakwana. Woliza mfuti amafulatira othamanga kuti asaone nkhope zawo, ndipo wochedwa ndi sekondi imodzi salandira mendulo. Komabe anthu zikwizikwi, ambiri a iwo a imvi kumutu, amabwererako chaka ndi chaka kukalimbana ndi wotchi yomweyo.

Nambala yanga ndi yaing'ono poyerekeza. Loweruka lapitali ndidathamanga makilomita 5 pa mphindi 29 ndi masekondi 40, zomwe pa masamu a Riegel zikundipatsa pafupifupi mphindi 62 pa makilomita 10. Zatsala mphindi ziwiri kuti ndifike pa ola limodzi. Mwezi uno sindiwonjezera liwiro. Ndingotalikitsa ulendo wa Lamlungu ndi kilomita imodzi, ndipo m'mawa uliwonse, ndisanaponde pansi, ndiziyamba ndagwira pamwamba pa chidendene kumva ngati pali bwino.