Chilangizo cha Atsikana ku Makanjira

Sukulu zikatsekera chakumapeto kwa Julaye, ku Makanjira kumayamba nyengo ya zinamwali. Chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, mwera ukuwomba panyanja, ng'oma zikuyankhana mudzi ndi mudzi. Anyamata amapita ku jando kukagona ku ndagala, atsikana amalowa nsondo m'manja mwa anakanga. Dera lino ndi la Ayao ndipo ambiri ndi Asilamu. Akhristu ndi ochepa, koma nawonso ana awo amakula, choncho amayi a mpingo amasonkhanitsa atsikana awo m'masiku omwewa kuti awapatse chilangizo.

Mwambo wa chilangizowu unabadwa chifukwa kuletsa kunakanika. Amishoni ankadula makolo otumiza ana ku chinamwali cha kumudzi, koma makolowo ankawatumizabe mobisa poopa kuti mwana wosavinidwa adzasekedwa. Mipingo inaona kuti ndi bwino kukonza chinamwali chakechake. Isabel Apawo Phiri analemba mmene zinayendera ku Sinodi ya Nkhoma m'buku lake la mu 1997. Lero amayi a Mvano mu CCAP ali ndi alangizi awo, chimodzimodzinso Akatolika ndi amayi a Mothers' Union a Anglikani, omwe mishoni yawo ya Malindi ili pa njira ya ku Makanjira.

Kukatsala masabata angapo amalengeza m'tchalitchi. Kholo limasonkha ufa, nyemba kapena usipa wouma, nkhuni ndi kandalama pang'ono. Mtsikana amanyamula mphasa ndi chitenje, n'kukagona ndi anzake m'kalasi kapena m'tchalitchi momwemo masiku angapo. Amawagawa: osatha msinkhu paokha, anamwali paokha. M'mamawa ndi mapemphero, kusesa ndi kutunga madzi, kenako malangizo osakaniza ndi nyimbo: kudzisamalira ukakhala kumwezi, kugwada popereka chinthu kwa akulu, kusalowa kuchipinda kwa makolo, kupewa anyamata. Tsiku lotuluka amavala zatsopano, abale amafupa, nthungululu zili m'mwamba.

Koma pa gululo pamapezeka mtsikana amene tsiku lotuluka silimusangalatsa. Alangizi okhwima amamuzindikira msanga. Sadya, amadzidzimuka munthu akamukhudza paphewa, anzake akamasimba za kwawo iye amangoyang'ana pansi. Mwina bambo ake anapita ku South Africa kalekale n'kusiya kutumiza thandizo, ndipo m'nyumba munalowa bambo wina. Mwina ndi wamasiye amene amagwira ntchito ngati kapolo kwa achibale. Mwina amatumidwa kudooko madzulo kukagulitsa mandasi, uku akuuzidwa kuti asabwere chimanjamanja, pamene aliyense akudziwa chimene asodzi ena amafuna akatulutsa ndalama.

Apa ndi pamene ine ndimadandaula ndi malangizo ena akale. Mtsikana amauzidwa kuti za m'nyumba saulula, kuti mkazi ndi kupirira, kuti wamkulu sayankhidwa. Kwa mwana wochokera pakhomo pamtendere, amenewo ndi mawu a ulemu chabe. Kwa mwana amene womuzunza amagona naye denga limodzi, mawu omwewo amamutseka pakamwa, ndipo amatuluka ku chilangizo akukhulupirira kuti Mulungu ndi amene akufuna kuti akhale chete. Mlangizi wosamala saphunzitsa ulemu popanda kunenanso poyera kuti palibe mwamuna woyenera kugwira thupi lake, kaya ndi bambo womupeza, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo.

Mwana wotere saulula pagulu. Amayankhula akakhala awiri, mwina akusankha nyemba kuseri kwa khitchini. Mlangizi amayamba patali: "Mwanangu, kunyumba mukugona bwanji masiku ano?" Yankho limachedwa, ndipo likabwera limakhala lalifupi: "Amayi, ine ndikuopa kubwerera." Mlangizi akafulumira kudzudzula, kapena akangoti tiyeni tipemphere nkhani n'kuthera pomwepo, mwanayo sadzanenanso.

Malamulo alipo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana ndi la mu 2010. La mu 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti kholo lisathenso kuvomereza ukwati wa mwana. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo nambala ya 116 imaimbidwa mwaulere. Chovuta ndi mtunda ndi manyazi. Kuchoka ku Makanjira kukafika ku Boma la Mangochi ndi ulendo wautali pa msewu umene umavuta dzinja likafika. Malire a Mozambique ali pafupi, wolakwa atha kuwoloka usiku umodzi. Ndiye achibale amakonda kuthetsa nkhani pakhomo, wolakwa apereke kandalama, mbiri ya banja isaipe. Kukula kwa vuto la atsikana kunaonekera mu 2020, chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19: boma la Mangochi linalengeza kuti atsikana oposa 7,000 anatenga mimba m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira.

Chimene chimathandiza alangizi kuno ndi mwambo wa Ayao womwewo. Ana ndi a kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi malume. Mlangizi wanzeru amayambira kwa iye, chifukwa malume ali ndi mphamvu yochotsa mwana pakhomo poopsa n'kukamusiya kwa agogo ake popanda wonena kuti mpingo walanda mwana. Nkhani ya kugwirira ndiye siyenera kuthera kwa malume kapena kwa amfumu. Imeneyo ndi ya kupolisi ndi kuchipatala, ndipo mlangizi amaperekeza yekha mwanayo. Sukulu zikatsegulira mu Seputembala amakafunsa kwa amayi a mother group ya pasukulupo, omwe ambiri kuno ndi Asilamu, ngati mtsikana uja walembetsa, akugona kuti, ndiponso amene akumugulira makope ndi sopo.