Madzi ochuluka bwanji, mphindi zingati? Kutsuka filimu ya black and white

Tikamakambirana m'kalasi zinthu zimene zimafulumizitsa reaction, ena a inu mumayamba kuyasamula. Ndiye lero ndabwera ndi chitsanzo chimene ukalakwitsa umalira nacho: kutsuka filimu. Filimu imatsukidwa kamodzi kokha. Mukaphonya, zithunzi zonse 36 zapita basi.

Pa filimu pamakhala timibulu tosaoneka ndi maso ta silver bromide, tomatidwa mu gelatin. Mankhwala otchedwa developer amasandutsa timibulu timene tinalandira kuwala kukhala siliva wakuda. N'chifukwa chake pa negetivu thambo lowala limaoneka bii.

Mankhwalawa nthawi zambiri timathiramo madzi. Mukaona 1+50 pa botolo, nambala yoyamba ndi mankhwala, yachiwiri ndi madzi. Zili ngati kusungunula Sobo, kungoti apa sitiyeza ndi lilime. Rodinal, developer yemwe wakhalapo kuyambira 1891, pa 1+50 amafuna 10 ml yokha m'madzi okwana 500 ml.

Madzi akachuluka, reaction imachedwa. Onani nthawi zimene Ilford imapereka pa filimu ya HP5 Plus mu developer wa ID-11, pa madigiri 20: wopanda madzi, mphindi 7 ndi theka; 1+1, mphindi 13; 1+3, mphindi 20. Mwaonapo chiyani? Pa 1+1 mphamvu yatsika ndi theka, koma nthawi si mphindi 15. Pa 1+3 mukanayembekezera 30, koma ndi 20. Choncho musamawerengetsere pamtima. Yambani ndi tebulo la amene anapanga filimuyo.

Nanga n'kuvutikiranji kudikira? Mbali za chithunzi sizikhwima limodzi. Zamumthunzi zimatuluka msanga kenako n'kuima, pomwe zowala zimangoderabe nthawi ikamapita. Ndiye mukawonjezera mphindi, chimene chikukula kwenikweni ndi kusiyana kwa poyera ndi pakuda, chomwe ojambula amati contrast. Developer wamadzi ambiri, mukamagwedeza thanki mwa apo ndi apo, amatha mphamvu msanga pa mbali zowala, zamumthunzi zikupitirizabe. Pa chithunzi chojambulidwa dzuwa lili paliwombo, zimenezi zimapulumutsa malaya oyera kuti asangokhala mbee opanda makwinya. Palinso phindu lina losavuta kumva: kuchedwa ndi masekondi 30 pa mphindi 5 ndi 10 peresenti, koma pa mphindi 20 ndi 2.5 yokha. Kwa wongoyamba kumene, ine ndimati 1+1, ndipo mukatsukira kamodzi musawagwiritsenso ntchito.

Kutentha ndiye kunandigwetsa ine. Mwezi wa Okutobala ndinatunga madzi a pampopi, osayeza, n'kutsatira mphindi 13 za pa tebulo zija. Madziwo anali ofunda, kutali ndi madigiri 20. Negetivu zake zinatuluka zakuda kwambiri, ndipo diresi la mkwatibwi pa ukwati wa msuweni wanga linasanduka chigamba choyera chopanda maluwa ake. Mpaka lero azakhali amandikumbutsa. Masiku ano thermometer ndimayamba nayo. Madzi akafunda ndimaika botolo m'beseni la ayisi mpaka afike pa 20.

Funso la sabata ino: thanki yanu imalowa 300 ml ndipo mukufuna 1+3. Mankhwala akhale ochuluka bwanji, nanga madzi?