MKAKA WOCOKERA M'MUNDA

 Nkhani yathu lero ndiyo ya mkaka wosacokera kwa ng'ombe.

Tonse tidziwa kuti m'tauni mkaka ufuna ndalama. Mwezi ukafika pakati, ana ambiri amwa tiyi wopanda mkaka ndi kudya phala loyera. Aliponso ena amene akamwa mkaka wa ng'ombe atsegula m'mimba, cifukwa matupi ao sagaya bwino shuga wa mu mkakawo. Onsewa akhoza kuthandizidwa ndi soya ndi nshawa.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Anthu a ku China akhala alikumwa mkaka wa soya zaka mazana ambiri. M'caka ca 1936 dotolo wa ku America, Harry Miller, anatsegula nyumba yopangiramo mkaka wotere ku Shanghai, ndipo mu 1940 K. S. Lo anayamba kugulitsa wace ku Hong Kong, pofuna kuthandiza osauka. Soyayo alimidwa kwathu konkuno, ku Mkushi ndi ku Chipata. Mukagawa kulemera kwace patatu, gawo limodzi ndi kupitirirapo ndico cakudya comanga thupi.

Kapangidwe kace nkotere. Tengani kapu imodzi ya soya, musankhe zoola ndi timiyala, ndi kutsuka bwino. Viikani m'madzi usiku wonse, maora 8 kufikira 12. M'mawa tikitani ndi manja kuti makoko acoke, ndipo madziwo mutaye. Sinjani mu mtondo woyera kufikira zitasalala ngati phala. Thirani makapu 8 a madzi otentha, pakuti madzi otentha acepetsa fungo la nyemba yaiwisi. Takasani, sefani pa nsaru yoyera, ndi kufinya kolimba.

Tsopano mvetsetsani, pakuti apa ndi pamene ambiri alakwa. Mkaka umenewu uyenera kuwira mphindi 20. Mu soya wamuwisi muli cinthu coletsa mimba kugaya cakudya, ndipo moto ndiwo uciononga. Mkakawu ucita thobvu lambiri usanapse. Thobvulo lisakunyengeni kuti muphule msanga. Phikani mu mphika waukulu, pa moto wosakalipa, mulikutakasa kuti usapserere. Pomariza ikani kamcere ndi shuga pang'ono. Zotsala pa nsaru musataye: ziphikeni m'phala kapena m'ndiwo zamasamba.

Nshawa nazonso zicita cimodzimodzi, koma madzi ace akhale makapu 5 okha. Coopsa ca nshawa ndico cuku. Mu 1960 nkhukundembo zokwana 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa zacuku. Pamenepo akatswiri anapeza poizoni wochedwa aflatoxin, amene aononga ciwindi ca munthu ndi kupinimbiritsa ana. Poizoni ameneyu satha ndi kuwiritsa. Cifukwa cace nshawa yofota, yakuda kapena yowawa itayeni musanasinje, ngakhale mtima ukuwaweni poona kuti munaigula.

Mau ena ndinena kwa inu amai, ndi kwa inu abambo amene mugwira ndalama za pa nyumba. Mkaka wopanga pa khomo si wa khanda ai. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndipo apitirize kuyamwa kufikira zaka 2 pamodzi ndi zakudya zina. Khanda loleredwa ndi madzi a soya liwonda, lidwala, ndipo likhoza kufa. Mai akalephera kuyamwitsa, apite ku cipatala akamuuze cocita. Koma mwana wosapitirira caka cimodzi akapewa, otsalawo, ana a sukulu ndi akuru omwe, amwe ndi mtima umodzi.

Dziwaninso kuti mkaka wa m'munda ucepa kashiamu, amene alimbitsa mafupa ndi mano. Tsono kapenta ndi ndiwo zamasamba zisasowe pa mbale. Ndipo popeza usasa msanga monga mkaka wina uliwonse, pangani wokwanira tsiku limodzi. Amene ali ndi firiji asunge masiku atatu okha, m'botolo loyera lotseka.

Bambo wocokera pansi pa mgodi afuna cakudya cobweza mphamvu, ndi mwana wopita ku sukulu afuna comkulitsa. Kapu imodzi ya soya ikwanira tiyi ndi phala la banja lonse. Yesani sabata lino, muuzenso anansi anu pa komboni.

Tsalani bwino nonse.