Mmene Nanzikambe wa ku Ndirande anaphunzirira kuthamanga

Cha m'ma 2003, amalume anga anali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta kufupi ndi msika wa Ndirande. Chikwangwani cha pakhomo chinkalonjeza makalata ofunsira ntchito, makhadi a chinkhoswe ndi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zonsezo pompopompo. Liwu lomalizalo linali bodza lamkunkhuniza, ndipo wopalamula anali pansi pa tebulo: chikompyuta chomwe kale chinali choyera koma chinali chitafiirira ndi fumbi, chogula kwa munthu wina wochokera nacho ku Joni. Makasitomala anachitcha Nanzikambe.

Ndikachiyatsa m'mawa ndinkasesa m'shopu, kukagula mandasi, n'kubwerera Windows 98 ikudziwongolabe. Kalata wamba chinkayesako ndithu. Koma wina akangoti pakhadi pake pakhale maluwa, nkhunda ziwiri ndi chithunzi cha akwati, tsiku lathera pomwepo. Ndinkakoka chithunzi ndi mausi, icho n'kutsalira m'mbuyo, kenako n'kudumphira pankhope ya mkwatibwi. Ndikati ndiike nyimbo pa Winamp kuti odikira asatope, woimba ankachita chibwibwi nthawi iliyonse ndikatsegula chinthu china. Amayi ena a ku mpingo anatizolowera moti ankabwera ndi zoluka zawo. Mankhwala a amalume anali awiri okha: kuchimenya khofi pambali chikajama, ndi kuchifunditsa chitenje usiku.

Loweruka lina kasitomala wa makhadi a ukwati atatenga ndalama zake n'kupita m'tauni, amalume anati basi, zakwana. Tinachinyamula pa minibasi mpaka ku Limbe, kondakitala n'kuchilipiritsa mpando ngati munthu, kwa mnyamata wina wokonza makompyuta kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Atatsegula, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Madala, vuto lanu ndi ili," anatero akuloza kabolodi koimirira chilili mu mpata wautali wa pa motherboard. "Celeron 266. Iyi Intel inaitulutsa mu April 1998 kuti ipikisane pa makompyuta otchipa, ndiye pofuna kutsitsa mtengo anachotsamo cache yachiwiri yonse. Inatsala ndi 32 KB yokha ya mkati. Olemba za makompyuta anainyoza kuyambira tsiku loyamba."

Amalume anafunsa kuti cache n'chiyani, mnyamatayo n'kuwalozera wa chiwaya yemwe ankakazinga tchipisi kutsidya kwa msewu. Mbatata zosenda kale zili m'beseni pambali pake, matumba ali kuseri. Mutam'landa beseni lija, aziti munthu aliyense akaitanitsa athamangire kuthumba, moto uli lawilawi, mafuta akungopsa. Purosesa imathamanga kwambiri kuposa memore, choncho zinthu zomwe ikugwiritsa ntchito mobwerezabwereza imafuna zikhale pafupi penipeni. Yathuyo inkathera nthawi yake yambiri podikira.

Pashelefu panali Pentium II, chinthu chachikulu chakuda chokutidwa ndi pulasitiki. Maso a amalume anakakamira pomwepo. "Ndiikire chikaseti chimenecho, mwana wanga. Chikuoneka champhamvu."

Apa ndi pomwe ndinamva chifukwa chake mapurosesa a zaka zimenezo ankaimirira m'malo mogona. Pentium Pro ya 1995 inali ndi cache yomatidwa m'chikuto chimodzi ndi purosesa, ndipo chimodzi chikapezeka cholakwika kufakitale ankataya zonse ziwiri. Zinkadula koopsa. Mu 1997 Intel inapeza njira yozembera: kuika purosesa pakabolodi, tizidutswa ta cache ta 512 KB topangidwa padera pambali pake, n'kulowetsa kabolodiko mu mpata wotchedwa Slot 1. Mtengo unatsika, koma cache ija inkayenda pa theka la liwiro la purosesa. Ukulu wa chikaseti sunali mphamvu ayi, anali malo chabe oikapo katundu yemwe sanakwane m'kati.

Mnyamata uja anatsegula kabati n'kutulutsa kanthu kamakona anayi, kokwana pachikhatho, kokhala ndi timiyendo tagolide kunsi. Celeron 466. Kuyambira pa Celeron 300A ya mu August 1998, Intel inali italowetsa 128 KB ya cache m'kati mwenimweni mwa purosesa, yoyenda liwiro limodzi ndi mwini wake. Yochepa, inde, koma ili pompo. Ndipo cache ikalowa m'kati, kabolodi kaja kagwiranso ntchito yanji? Ndi mmene anabwererera ku mapurosesa ogona pa socket, ya mabowo 370. AMD inayendanso njira yomweyo: Athlon yake ya 1999 inali ya Slot A, pofika 2000 cache inalowa m'kati ndipo kunabwera Socket A.

"Nanga kanthu kogona kalowa bwanji mu mpata woimirira?" anafunsa amalume, akuganiza kuti am'pezeketsa.

Yankho linali kabolodi kena kobiriwira kotchedwa slotket: kunsi kali ndi mano olowa mu Slot 1, pamimba pali socket. Motherboard yathu inkayenda pa 66 MHz, kutanthauza kuti Pentium II yomwe ikanalola inkalekezera pa 333. Ka Celeron kaja kanali ka 66 MHz komweko, koma kothamanga pa 466. Amalume anang'ung'udza kuti akulipira ndalama zambiri pa kanthu kochepa, n'kutulutsa chikwama.

Panatsala chinthu chimodzi choopsa. Bolodi yakaleyo inafunika kuiphunzitsa kuzindikira mlendo wake, polemba BIOS yatsopano kuchokera pa kadisiki ka floppy. Mnyamatayo anachenjeza kuti magetsi akazima ntchitoyo ili pakati, bolodi yafa, palibenso kudzuka. Aliyense wokhala mu Blantyre akudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Tonse tinangoti maso pa babu la kudenga. Amalume, omwe kutchalitchi ankapitako pa Khirisimasi pokha, anavula chipewa. Kamzere kanayenda pang'onopang'ono pa sikirini, kadisiki kakuti kwee kwee, mpaka kanafika kumapeto. Babu lili chiyakire! Mnyamata uja anazula Celeron yakale, n'kutsetsereza slotket mu mpata mpaka kuti khethe, kupaka timafuta toyera pamsana pa purosesa, kumangapo kafani, n'kupemerera fumbi la zaka zambiri lomwe linatitsokomoletsa tonse.

Lolemba m'mawa ndinayatsa kompyuta n'kutenga tsache monga mwa masiku onse. Ndisanafike pakhomo, Windows inali italira kale kanyimbo kake. Ndinatsegula khadi la maluwa ndi nkhunda lija, kukoka chithunzi, icho n'kutsatira mausi bwinobwino. Ndinaika Lucius Banda, n'kutsegula Word ndi CorelDRAW nthawi imodzi mwadala, kufuna kuona ngati achite chibwibwi. Anaimba mpaka kumaliza. Amalume anaitana wometa wa pafupi, telala, ngakhale wogulitsa makala, kuti adzaone. Ankatseka pulogalamu n'kutsegulanso, kutseka n'kutsegulanso, akuseka ngati mwana.

Kunena zoona, si cache yokha inachita zimenezi, pakuti kuchoka pa 266 kufika pa 466 nakonso si masewera. Koma amalume anagwira liwu limodzi lokha. Aliyense wodandaula za kompyuta yake, kaya wachokera ku Chilomoni kaya ku Bangwe, ankamufunsa mwaukatswiri kuti, "Cache yanu ndi yochuluka bwanji?" Akanakhala kuti amatsatira za masiku ano akanavina, chifukwa mu 2022 AMD inatulutsa Ryzen 7 5800X3D ya cache ya 96 MB, ina yosanjikiza pamwamba pa purosesa penipeni, yolowa pa socket ya AM4 yomwe inayamba mu 2016. Anthu a mabolodi akale anachita zomwe tinachita ife ku Limbe: kusintha BIOS, kuzula chakale, kuika chatsopano.

Amayi a ku mpingo aja atabweranso, anangoti akukhala pabenchi n'kumasula ulusi, ine n'kuwauza kuti makhadi atha kale kukonzedwa, aone ngati mayina alembedwa bwino. Anandiyang'ana mokayika, n'kubwezera zoluka m'chikwama. Koma anadikirabe ndithu, chifukwa tsopano pulinta ndiyo inaonekera poyera kuti ndi yaulesi, ikulavula pepala limodzi, kupumira, kenako lina. Madzulo ake amalume anandipatsa ya minibasi kuti mawa ndilawirire ku Limbe, ndikafunse ngati pali slotket ya pulinta.