Matenda Anapha Asilikali Ambiri Kuposa Mfuti

Anthu ambiri akamva za nkhondo amaganiza za mikondo, mfuti ndi mabomba. Koma mbiri isonyeza kuti m'nkhondo zambiri zakale asilikali oculuka sanafe ndi zida za adani. Anafa ndi kuthulula, kamwazi, kolera ndi matenda ena obwera cifukwa ca madzi oipa ndi uve. Nkhani imeneyi ikhudza banja liri lonse lokhala m'komboni, pakuti zinthu zimene zinali kupha asilikali m'misasa ndi zomwezo zimene zimabweretsa kolera m'nyengo ya mvula: kuculukana kwa anthu pamalo amodzi, zimbudzi zosefukira ndi zitsime zosazama.

Mliri wa mu Athens

M'caka ca 431 Yesu asanabadwe, mizinda iwiri ya ku Greece, Athens ndi Sparta, inayamba kumenyana. Mtsogoleri wa Athens, Pericles, analamula anthu a kumidzi kuti asamukire mkati mwa linga la mzinda. Anthuwo anapulumuka ku mikondo koma anasowa nyumba, motero anamanga zisakasa pali ponse pamene anapeza malo. Caka cotsatira mliri unagwa.

Thucydides, wolemba mbiri amene anadwala matendawo nacira, analemba kuti odwala anali kutentha thupi, kusanza, kuthulula ndi kumva ludzu losatha, ndipo ena anali kuunjikana pa akasupe pofuna madzi. Asing'anga anafa ambiri cifukwa ndiwo anali kuyandikira odwala. Kufikira lero akatswiri amatsutsana za dzina la matendawo, koma ambiri ati pa anthu anai alionse mmodzi anafa. Pericles nayenso anamwalira ndi mliri womwewo m'caka ca 429.

Cipatala ca ku Scutari

Kuyambira 1853 kufikira 1856 maiko a Britain, France ndi Turkey anamenyana ndi Russia pa nkhondo ya ku Crimea. Asilikali a Britain odwala ndi ovulala anali kutengedwa pa sitima ya pamadzi kupita ku Scutari, malo amene lero ali mbali ya mzinda wa Istanbul. Mu Novembala 1854 kunafika mai Florence Nightingale ndi anamwino 38. Anapeza odwala atagona mothithikana, zovala ziri ndi nsabwe, zimbudzi zitatsekeka. Anayamba ndi nchito yocapa zofunda, kukolopa pansi ndi kuphikira odwala cakudya coyenera.

Komabe imfa sizinacepe msanga. Mu Febuluwale 1855 odwala pafupifupi 42 pa 100 alionse anali kufa. Mwezi wotsatira boma la Britain linatumiza kagulu ka akatswiri a zaukhondo. Iwo anatsuka ngalande za zonyansa zimene zinali pansi pa cipatalaco, anakonza mazenera kuti mphepo izilowa, ndipo anacotsa kavalo wakufa mu ngalande yobweretsa madzi. Pofika mu Juni odwala awiri cabe pa 100 ndiwo anali kufa. Mankhwala atsopano panalibe. Cimene cinasintha ndi madzi ndi ukhondo.

Nkhondo itatha, mai Nightingale anasonkhanitsa ziwerengero zosonyeza kuti asilikali a Britain oposa 16,000 anafa ndi matenda, pamene ofa ndi zida anali ocepa kwambiri. Mu 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pa cipatala ca St Thomas mu London. Phunziro limeneli silinamveke msanga kwina. Pa nkhondo ya paciweniweni ya ku America, ya 1861 kufikira 1865, asilikali awiri mwa atatu alionse amene anafa anafa ndi matenda.

Citsime ca mu Broad Street

Masiku amenewo madokotala ambiri anali kukhulupirira kuti kolera imabwera ndi mpweya wonunkha. Mu 1854, nkhondo ya ku Crimea iri mkati, kolera inapha anthu oposa 600 m'dera la Soho mu London. Dokotala John Snow anayenda nyumba ndi nyumba kufunsa kumene akufawo anali kutunga madzi, ndipo anapeza kuti ambiri anali kumwa a pampope wa mu Broad Street. Akuluakulu a deralo anacotsa cogwirira ca mpopewo. Pambuyo pake kunadziwika kuti citsimeco cinali pafupi kwambiri ndi dzenje la cimbudzi, mmene munatayidwa madzi ocapira matewera a mwana wodwala. Kacirombo ka kolera kamacoka m'cimbudzi ca wodwala ndi kulowa m'kamwa mwa wina kupyolera m'madzi, cakudya kapena manja osasamba.

Mcere ndi shuga pa nkhondo ya Bangladesh

Mu 1971 kunabuka nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh. Anthu pafupifupi mamiliyoni 10 anathawira ku India, ndipo kolera inagwa m'misasa yao. Odwala 30 pa 100 alionse anali kufa. Dokotala Dilip Mahalanabis, amene anali kugwira nchito pa Bangaon pafupi ndi malire, anaona kuti madiripi sangakwane ndiponso anthu odziwa kuika diripi anali ocepa. Tsono anasungunula shuga wa glucose, mcere ndi soda m'madiramu a madzi abwino, nauza acibale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu. Pa odwala oposa 3,000 amene anathandizidwa mwa njira imeneyi, ofa sanafike anai pa 100.

Cinsinsi cake ndi ici. Cimene cimapha munthu wa kolera ndi kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi, ndipo wodwala kwambiri angathe kufa m'maola owerengeka cabe. Madzi okha salowa bwino m'matumbo a munthu wothulula. Koma shuga akakumana ndi mcere, ziwirizi zimalowera pamodzi m'matumbo kupita m'magazi, ndipo madzi amatsatira. Poizoni wa kolera satseka njira imeneyi. Mapaketi a ORS amene amapezeka m'makiliniki anacokera ku nzeru imeneyi.

Zimene mabanja ayenera kucita

Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 muno m'Zambia. Mu Januwale 2024 bwalo la National Heroes mu Lusaka linasandutsidwa cipatala ca kolera, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Ambiri mwa akufawo anafera kunyumba asanafike kucipatala.

Munthu akayamba kuthulula madzi oyera ngati otsukira mpunga, ayenera kuyamba kumwa ORS nthawi yomweyo, ndipo apitirize kumwa panjira yopita kukiliniki. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi muthiridwe timasupuni ta tiyi tisanu ndi kamodzi ta shuga, tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mcere. Mcere wocuruka ndi woopsa, makamaka kwa ana. Madzi otsala atayidwe pakapita maola 24.

Wodwala akasanza, womusamalira adikire mphindi 10 ndi kuyambanso kumumwetsa pang'onopang'ono. Mwana woyamwa asaleke kuyamwa, ndipo kukiliniki amapatsidwanso mapiritsi a zinc a masiku 10 kufikira 14. Maso olowa, kufooka kwambiri, kusakodza, khungu losabwerera msanga likatsinidwa ndi kulephera kumwa ndi zizindikiro zakuti wodwala afunika diripi mwamsanga. Munthu wotere asagonekedwe kunyumba kudikira kuti kuce.

Popewa matendawa, madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini ndi kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Asungidwe m'cigubu cotseka cimene manja salowamo. Madzi a m'zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi asamwedwe osawiritsa ngakhale aoneke oyera. Aliyense asambe m'manja ndi sopo akacoka kucimbudzi, akasintha mwana thewera, asanaphike ndiponso asanadye. Cakudya cidyedwe cikali cotentha, ndipo cotsala cibvundikiridwe kuti nchenche zisaterepo.

Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Banja liri lonse likhale ndi mapaketi a ORS, klorini ndi sopo m'nyumba mvula isanayambe.